Kalata Yotseguka kwa Osunga Malamulo a ku America: Milandu ya Ophangira Msika Ikuchedwa, ndipo Aang'ono Akubwezedwa Pakhomo

Kwa olemekezeka aphungu ndi maseneta a m'makomiti oona za malamulo m'Nyumba ya Malamulo ya dziko la United States, kwa oweruza a Khoti Lalikulu, ndi kwa komiti ya oweruza ndi maloya imene imakonza malamulo a kayendetsedwe ka milandu yomwe si yaupandu m'makhoti a boma,

Landirani moni wanga. Ndikulemba monga mmodzi mwa anthu miyandamiyanda okhala kunja kwa dziko lanu amene tsiku ndi tsiku amadalira makampani a kwanuko. Tikafuna kudziwa chinthu timafunsa Google, tikafuna kulankhula ndi abale timatsegula WhatsApp, ndipo mafoni athu pafupifupi onse amayendera Android kapena iOS. Sitivota kwanuko, komabe zimene makhoti anu agamula pa makampani amenewa, ngakhalenso zimene alephera kugamula pa nthawi yake, zimatipeza komwe tili. N'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberani.

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti zoyamika zilipo. Lamulo la Sherman la 1890, loletsa makampani kupangana mitengo ndi kuphangira msika, linakhala chete kwa zaka pafupifupi 20 pa nkhani ya makampani akuluakulu mlandu wa Microsoft utatha. Zaka zaposachedwapa lamvekanso. Pa 5 Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google yaphangira msika wofufuzira zinthu pa intaneti, ndipo inasunga mpando umenewo mophwanya lamulo. Mu Epulo 2025 woweruza Leonie Brinkema ku Virginia anapeza kampani yomweyo yolakwa pa misika iwiri ya zida zogulitsira malo otsatsira malonda pa intaneti. Izi zisanachitike, mu Disembala 2023, anthu wamba amene anakhala pa jury (gulu losankhidwa kumva mlandu ndi kuugamula) ku San Francisco anagwirizana ndi Epic Games, kampani yopanga masewero a pakompyuta ndi pafoni, kuti sitolo ya Google Play imayendetsedwa mopondereza opanga mapulogalamu. Oweruza ena analetsa kampani ya ndege ya JetBlue kugula inzake ya Spirit, analetsanso kampani ya masitolo ya Kroger kugula inzake ya Albertsons. Onse amene anatuluka thukuta pa milandu imeneyi, m'boma ndi m'makhoti momwe, ayenera kuthokozedwa.

Nkhawa yanga ili pa njira imene mlandu umadutsa usanafike pa chigamulo: ndani aloledwa kusuma, dandaulo lake likhale ndi chiyani kuti woweruza alimvere, zikalata asunge ndani, ndipo zonsezi zitenge zaka zingati. Nyuzipepala sizikonda nkhani zoterezi chifukwa sizikoma powerenga. Koma ndi m'menemu mmene kampani yolakwa imapulumukira, ndi m'menemunso mmene munthu wophwanyiridwa amagwera asanaone n'komwe nkhope ya woweruza. Malamulo amenewa ali m'manja mwanu.

Nditsindike kaye za nthawi. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pa milandu yambiri mawuwa ndi oona. Mlandu wa msika wa zamakono wokha umaola, ndipo chaka cha 2025 chinatisonyeza zimenezi kawiri.

Boma linasumira Google pa 20 Okutobala 2020. Kuzenga kunadzayamba mu Seputembala 2023, patatha zaka pafupifupi zitatu. Umboni unasonyeza kuti mu 2021 mokha Google inalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni, makampani a netiweki ndi eni mabulawuza kuti munthu akangofuna kufufuza chinthu apeze Google itamudikirira kale. Apple yokha inalandira madola 20 biliyoni mu 2022. Chigamulo cha zoyenera kuchitika pofuna kukonza msika chinabwera pa 2 Seputembala 2025. Boma linapempha kuti Chrome, bulawuza ya Google, igulitsidwe, woweruza anakana. Anakananso kuletseratu malipiro aja. Analetsa mapangano otsekereza opikisana nawo, n'kulamula kuti Google iwagawireko zina mwa deta yake. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali choti mlandu uli m'njira kunatuluka ChatGPT kumapeto kwa 2022, pambuyo pake ina yofanana nayo, ndipo woweruza analemba poyera kuti kubwera kwa AI, nzeru zopangira makompyuta, kunasintha mayendedwe a mlanduwo. Sindikunyoza woweruzayo. Iye anaweruza msika umene anaupeza pa tsiku logamula. Koma taganizani: kwa zaka zisanu kampani imene inadzapezeka yolakwa inapitiriza kukolola phindu la khalidwe lomwelo, ndipo chuma chimenecho ndi chimene yalowa nacho mu mpikisano watsopano wa AI. Kuchedwa kwa khoti kunaipindulira kawiri, poyamba m'thumba, kenako pa chigamulo. Ndipo tisaiwale kuti bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda la FTC linafufuzapo kale kampaniyi n'kutseka kafukufuku wake mu Januwale 2013.

Mlandu wa Meta, kampani imene kale inkatchedwa Facebook, ndiwo wowawa koposa. Facebook inagula Instagram mu 2012 pa dola 1 biliyoni, n'kugulanso WhatsApp mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni, boma likuona. FTC inadzasuma mu Disembala 2020 ili ndi maimelo a Mark Zuckerberg m'manja, kuphatikizapo ya mu 2008 imene analembamo kuti kugula mnzako kumaposa kupikisana naye. Mu Juni 2021 woweruza James Boasberg anataya dandaulolo ponena kuti silinafotokoze mokwanira kukula kwa gawo la msika limene Facebook inagwira. Anatayanso mlandu wa zigawo zoposa 40 za dzikolo chifukwa choti zinachedwa kusuma. FTC inalemba dandaulo lina, linaloledwa mu Januwale 2022, ndipo kuzenga kunadzayamba mu Epulo 2025. Mu Novembala 2025 Meta inapambana. Woweruza anati kaya kampaniyo inaphangira msika kale kapena ayi, FTC inayenera kusonyeza kuti ikuphangira panopa, ndipo panopa kuli TikTok ndi YouTube. Funso limene anthu ankadikira yankho lake, loti kodi kugula Instagram ndi WhatsApp kunali kupha mpikisano usanakule, chigamulocho sichinaliyankhe.

Wina anganene kuti milandu yaikulu chonchi singathe kufulumira. Mbiri ya makhoti anu omwe ikutsutsa. Boma linasumira Microsoft mu Meyi 1998, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho mboni zinali zitayamba kale kufunsidwa, chifukwa woweruza Thomas Penfield Jackson analola mboni 12 zokha mbali iliyonse ndi kulamula kuti umboni woyamba wa mboni iliyonse ubwere wolembedwa. Ku Virginia, mlandu wa zotsatsa malonda unasumidwa mu Januwale 2023 n'kuzengedwa mu Seputembala 2024, chifukwa khoti la kumeneko lili ndi mwambo wosalola kuzengereza. Pomwe mlandu wa FTC ndi Amazon, umene unasumidwa ku Seattle mu Seputembala 2023, unaikidwa kuti udzayambe mu Febuluwale 2027. Lamulo ndi limodzi, dziko ndi limodzi, koma liwiro likudalira khomo limene wodandaula wagogoda. Aliyense wodziwa mbiri ya milanduyi amakumbukira wa kampani ya makompyuta ya IBM, umene unayamba mu 1969 ndipo boma linausiya mu 1982 usanagamulidwe.

Makolo anu pa mipando imeneyo anaona vutoli kale. Mu 1903 anakhazikitsa lamulo lofulumizitsa milandu yotere, lomwe linkatumiza apilo yake molunjika ku Khoti Lalikulu. Mu 1974 lamulolo linafooketsedwa, moti mu 2000 Khoti Lalikulu linakana kumva apilo ya Microsoft mwachindunji. Ndikupempha inu aphungu ndi maseneta kuti mubwezeretse mzimu wa lamulo limenelo. Mlandu wa kuphangira msika umene boma lasuma uzikhala ndi tsiku lozengera lisanadutse chaka ndi theka, chiwerengero cha mboni chizidulidwa poyambirira, ndipo umboni wa kulakwa ndi wa njira yokonzera msika uzisonkhanitsidwa nthawi imodzi, kuti pasamadutsenso chaka chathunthu pakati pa zigamulo ziwirizi. Mukhoza kutero, pakuti mu Disembala 2022 munachita chofanana nacho pamene munaletsa kuti milandu ya zigawo izisamutsidwa kukaphatikizidwa ndi milandu ina kutali. Lamulo limenelo ndi limene linabwezera ku Texas mlandu wa chigawocho ndi Google, umene unali utatumizidwa ku New York.

Komatu boma lili ndi maloya ake, akatswiri ake ndi mphamvu yoitanitsa zikalata lisanasume. Munthu wamba alibe chilichonse mwa izi, ndipo za iyeyu ndi zimene ndikufuna kukhalitsapo.

Lamulo la Clayton la 1914 limati aliyense amene bizinesi kapena chuma chake chawonongeka chifukwa cha kuphwanyidwa kwa malamulo a mpikisano akhoza kusuma n'kulandira chipukuta misozi chowirikiza katatu, pamodzi ndi malipiro a loya. Opanga lamulolo ankadziwa kuti boma palokha silingaone chinyengo chilichonse pa msika, choncho anapatsa wogula ndi wamalonda wamng'ono chifukwa chodzuka yekha. Ndipo zimathandiza zedi. Anali ogulitsa nyumba wamba amene pa 31 Okutobala 2023 ku Kansas City anapambana madola 1.78 biliyoni pa mlandu wa makomishoni a maejenti a nyumba, zimene zinachititsa bungwe la National Association of Realtors kuvomera kulipira madola 418 miliyoni ndi kusintha malamulo ake. Anali ophunzira ochita masewero m'makoleji amene anafikitsa NCAA, bungwe loyendetsa masewerowo, ku Khoti Lalikulu mu 2021 n'kupambana, oweruza onse asanu ndi anayi atagwirizana. Boma silinasume milandu imeneyi. Inasumidwa ndi anthu amene zinkawapweteka.

Chitseko choyamba chimene munthu woteroyo amakumana nacho ndi mlandu wa Twombly. Kuyambira mu 1938, Lamulo 8 la kayendetsedwe ka milandu limangofuna kuti wodandaula alembe mwachidule ndi momveka chimene akudandaula. Mu 1957, pa mlandu wa Conley ndi Gibson, Khoti Lalikulu linati dandaulo lisatayidwe pokhapokha zitaonekeratu kuti palibe umboni uliwonse umene ungalichirikize. Mu 2007 zinasintha. William Twombly anasumira makampani a telefoni amene anabadwa AT&T itagawidwa mu 1984, ponena kuti anapangana kusalowererana m'madera awo. Oweruza asanu ndi awiri a Khoti Lalikulu, motsogozedwa ndi David Souter, anati kungosonyeza kuti makampani akuchita zofanana sikokwanira, ndipo dandaulo liyenera kukhala ndi mfundo zosonyeza kuti n'zomveka kuti panalidi pangano. Patatha zaka ziwiri, mlandu wa Iqbal unafalitsa muyezo umenewu ku milandu yonse. Mawu a Lamulo 8 sanasinthidwe ngakhale chilembo chimodzi. Komiti yanu sinafunsidwe, anthu sanapatsidwe mpata woperekapo maganizo, ndipo bilu imene seneta Arlen Specter anabweretsa mu 2009 yobwezeretsa muyezo wakale inafera m'njira.

Vuto lake n'losavuta kuliona. Opangana mitengo sapanganira pagulu. Umboni wa pangano lawo uli m'maimelo awo, m'mafoni awo ndi m'makompyuta awo, ndipo wodandaula angaupeze pokhapokha mlandu utafika pa gawo loitanitsana zikalata, lotchedwa discovery. Koma kuti afike pamenepo, akuuzidwa kuti ayambe wasonyeza zimene zili m'zikalatazo. Woweruza John Paul Stevens, potsutsana ndi anzake pa mlandu wa Twombly, anachenjeza kuti kuopa kukwera mtengo kwa milandu kuyenera kuthetsedwa ndi woweruza woyendetsa bwino mlandu, osati ndi kutaya dandaulo woimbidwa mlandu asanayankhe n'komwe ngati anapangana kapena ayi.

Lero vutoli lakula chifukwa makampani safunikanso kukumana m'chipinda kuti mitengo yawo iyendere limodzi. Amangolembetsa ku pulogalamu imodzi ya kompyuta, aliyense n'kuipatsa ziwerengero zake, iyo n'kuuza aliyense mtengo woti atchaje. Ku Nashville, mu Disembala 2023, woweruza analola mlandu wa anthu ochita lendi nyumba osumira RealPage, kampani ya pulogalamu yotere yokhazikitsira lendi, ndi eni nyumba akuluakulu kuti upitirire, ndipo mu Ogasiti 2024 boma nalo linasumira kampaniyo. Ku Las Vegas, dandaulo la alendo osumira mahotela ogwiritsa ntchito pulogalamu imodzi yokhazikitsira mitengo ya zipinda linatayidwa mu Meyi 2024, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu Ogasiti 2025. Milandu iwiriyi ili ndi kusiyana kwake, ndipo sindikunena kuti mahotelawo analakwa. Ndikunena kuti mlandu unatha odandaula asanaone mmene pulogalamuyo imagwirira ntchito m'kati mwake, pamene yankho lonse linali m'menemo. Chigawo cha California chaona kale msampha umenewu. Mu Okutobala 2025 bwanamkubwa Gavin Newsom anasainira lamulo lonena kuti m'makhoti a chigawocho wodandaula sayenera kutsekeratu m'dandaulo lake kuthekera koti makampani anachita zinthu payekhapayekha. Inu a komiti, simukufunika kugwetsa Twombly yense kuti mukonze izi. Lembani lamulo loti pamene umboni wa pangano uli m'manja mwa woimbidwa mlandu yekha, woweruza azilola discovery yochepa, ya miyezi yowerengeka ndi zikalata zosankhidwa, asanagamule zotaya dandaulo.

Chitseko chachiwiri n'cholimba kuposa choyamba, chifukwa chimatsekedwa munthu asanadziwe n'komwe kuti adzakhala ndi dandaulo. Ndikunena za ndime imene imabisala m'mapangano amene tonse timavomera posindikiza batani, yonena kuti mkangano uliwonse udzapita kwa mkhalapakati wapadera osati kukhoti, ndiponso kuti munthu sadzasuma pagulu ndi anzake. Mu 2011, pa mlandu wa banja la Concepcion ndi AT&T Mobility, umene unayamba ndi msonkho wa madola 30.22 pa mafoni otsatsidwa ngati aulere, Khoti Lalikulu linati ndime zotere ziyenera kulemekezedwa. Mu 2013 linafika nazo pa malamulo a mpikisano. Lesitilanti ya Italian Colors ya ku Oakland, pamodzi ndi amalonda ena, inadandaula kuti kampani ya makhadi olipirira ya American Express ikugwiritsa ntchito mphamvu zake powakakamiza kulandira makhadi ake onse pa mtengo wokwera. Katswiri wa zachuma anawerengera kuti kafukufuku wofunika kutsimikizira mlanduwo angadye madola masauzande mazana angapo, mwinanso kupitirira miliyoni, pamene ndalama zochuluka zimene wamalonda mmodzi akanapeza, zitawirikizidwa kale katatu, zinali madola 38,549. Palibe munthu wanzeru amene angasume yekha pa masamu otere. Oweruza asanu, m'chigamulo cholembedwa ndi Antonin Scalia, anati lamulo silinalonjeze aliyense njira yotsika mtengo yopezera ufulu wake. Woweruza Elena Kagan, potsutsa, anayankha kuti potero wophangira msika wapatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito mphamvu yomweyo imene akuimbidwira mlandu kukakamiza pangano lolanda ophwanyiridwa njira iliyonse yodandaulira. Ine ndili kumbali ya mayi Kagan, ndipo zaka zimene zadutsa sizinandipatse chifukwa chosinthira.

Taonani zimene zinachitika maloya atapeza njira yozungulira. Anayamba kutumiza madandaulo masauzande ambiri kwa mkhalapakati nthawi imodzi, lililonse palokha monga mmene pangano linafunira, ndipo makampani anapezeka ndi ngongole yaikulu ya malipiro otsegulira milanduyo. Amazon, itawunjikiridwa madandaulo oposa 75,000 okhudza zida zake za Echo, inachotsa ndimeyo mu 2021 n'kuuza makasitomala kuti azipita kukhoti. Live Nation, mwini wa kampani yogulitsa matikiti ya Ticketmaster, inasamukira kwa mkhalapakati wina wokhala ndi malamulo atsopano, ndipo mu Okutobala 2024 khoti la apilo linati malamulowo ndi okondera mopitirira muyezo moti sangagwire ntchito. Izi zikundiuza kuti chimene makampani ankakonda pa mkhalapakati sichinali kufulumira kwake. Ankakonda kuti anthu ambiri sangapiteko. Lamulo la mkhalapakati ndi la 1925, ndipo ndinu aphungu amene mungaliikire malire. Munatero mu Malichi 2022 pa milandu ya nkhanza zogonana ndi kuzunzidwa kwa mtundu umenewo. Bilu yochita chimodzimodzi pa milandu ya mpikisano, ya ogula ndi ya apantchito inadutsa m'nyumba ya aphungu mu 2019 ndi mu 2022, koma sinadutse ku Senate. Olemekezeka maseneta, itengeninso, ngakhale gawo lokhudza mpikisano lokhalo.

Pali chitseko china chachitatu chimene ndingochitchula mwachidule. Chigamulo cha Illinois Brick cha 1977 chimati amene angasume pofuna chipukuta misozi ndi yekhayo amene anagula mwachindunji kwa wolakwayo, ngakhale kuti mtengo wokwerawo umathera pa wogula womaliza. Eni mafoni a iPhone anasumira Apple mu 2011 pa nkhani ya komishoni ya App Store. Mu 2019 Khoti Lalikulu linagamula, ndi mavoti asanu kwa anayi, kuti ali ndi ufulu wosuma. Zaka zisanu ndi zitatu zinathera pa funso limenelo lokha. Analoledwa kusuma monga gulu mu Febuluwale 2024, ndipo mu Okutobala 2025 chilolezocho chinachotsedwa.

Tsopano za umboni. Mlandu wa mpikisano umaima pa zimene akuluakulu a kampani ankalemberana pamene ankaganiza kuti palibe akuwaona. Milandu ya Google inaulula kuti mauthenga ambiri a ogwira ntchito ankafufutika okha pakatha maola 24, ndipo zimenezi zinapitirira ngakhale kampaniyo itayamba kale kukhala ndi udindo wosunga umboni. Panalinso chizolowezi choika loya pa imelo n'cholinga choti idzatchedwe yachinsinsi cha loya ndi kasitomala wake. Mu Malichi 2023 woweruza James Donato, wa mlandu wa Google Play uja, anapeza kuti Google inalephera kusunga mauthengawo, ndipo pambuyo pake anauza jury kuti ikhoza kuganiza kuti zofufutidwazo zikanaipweteka kampaniyo. Woweruza Mehta anadzudzula khalidwelo koma sanapereke chilango, ponena kuti umboni umene unalipo unali wokwanira kale. Khalidwe limodzi, mayankho osiyana. Gwero lake ndi Lamulo 37 monga linasinthidwira mu 2015, limene limafuna kuti woweruza atsimikize kuti wofufutayo anali ndi cholinga chomana mnzake umboni asanapereke chilango chokhwima. Kampani yochenjera imangoika kufufuta kuti kuzichitika kokha, kenako n'kunena kuti palibe munthu amene anali ndi cholinga. FTC ndi unduna wa zachilungamo anakonza makalata awo mu Januwale 2024 kuti atchule mwachindunji mauthenga ozimiririka. Komiti yanu ichite mbali yake: kampani imene yauzidwa kusunga umboni n'kusiya makina ofufuta akuyaka, iziyesedwa kuti inafuna zotsatira zake.

Nkhani ya chinsinsi nayo inandipweteka mtima. M'masabata oyambirira a mlandu wa Google ku Washington umboni wambiri unaperekedwa zitseko zili zotseka, mpaka nyuzipepala, kuphatikizapo New York Times, zinakadandaula kwa woweruza. Dziko linadziwa kuti Apple inkalandira 36 peresenti ya ndalama za zotsatsa zochokera pa kufufuza kwa pa bulawuza yake ya Safari chifukwa choti katswiri wa Google yemwe anatchula chiwerengerocho mosayembekezereka ali m'bokosi la mboni. Mlandu wosumidwa m'dzina la anthu uyenera kumvedwa ndi anthuwo. Chinsinsi cha malonda chilipodi ndipo chiyenera kutetezedwa, koma wofuna kutseka chitseko azisonyeza chifukwa pa chikalata chilichonse, ndipo mapangano a zaka zambiri zapitazo asamatchedwe chinsinsi mwachizolowezi chabe. Ndionjezere kanthu kena kamene sikanaphwanye lamulo lililonse koma kayenera kukudetsani nkhawa. Mu 2024, patangopita miyezi yochepa itagonja pamaso pa jury ku San Francisco, Google inatumiza ku boma cheke cha madola pafupifupi 2.3 miliyoni, kulipiriratu chipukuta misozi chimene boma linkafuna pa mlandu wa ku Virginia, ndipo woweruza anavomereza kuti jury sikufunikanso. Ngati ufulu woti anthu wamba amve mlandu ungachotsedwe ndi cheke, ndi bwino muunikenso lamulo limene likulola zimenezo.

Ndikudziwa kuti mbali inayo ili ndi madandaulo ake, ndipo ena ndi oona. Discovery ya mlandu waukulu imadya ndalama zoopsa. Alipo maloya amene amasuma podziwa kuti kampani idzalipira pongofuna kuthana nazo, ndipo alipo magulu amene mamembala ake amalandira zochepa pamene maloya atenga zambiri. Kampani imene sinalakwe nayo iyenera kutetezedwa, ndipo kukula pakokha si mlandu. Koma zida zothanirana ndi zimenezi munazipereka kale. Kusintha kwa Lamulo 26 mu 2015 kunapatsa woweruza mphamvu yoyeza discovery molingana ndi kukula kwa mlandu. Kusintha kwa lamulo la umboni wa akatswiri mu Disembala 2023 kunatsindika kuti woweruza azisefa katswiri asanafike pamaso pa jury. Pa 1 Disembala 2025 munayambitsa Lamulo 16.1 lothandiza kuyendetsa milandu yambiri yophatikizidwa, komanso kulamula kuti mbali ziwiri zizikambirana msanga za mndandanda wa zikalata zimene zikubisidwa. Zina mwa izi ndi zabwino kwa onse. Komabe ndikayang'ana zaka 20 zapitazi, ndikuona kuti nkhawa ya woimbidwa mlandu yamvedwa mobwerezabwereza, pamene ya wamalonda wamng'ono wa ku Oakland uja sinayankhidwe.

Lamulo la 1934 limene limakupatsani mphamvu yokonza malamulo a makhoti lili ndi njira yaitali. Komiti imalemba, anthu amaperekapo maganizo, msonkhano wa oweruza umavomereza, Khoti Lalikulu limatumiza ku Nyumba ya Malamulo pofika pa 1 Meyi, ndipo lamulo limayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala. Zonsezi zimatenga zaka pafupifupi zitatu. Mlandu wa boma ndi Apple, umene unasumidwa ku New Jersey mu Malichi 2024, ndi wa Amazon ku Seattle adzazengedwa ndi malamulo amene alipo lero, ndipo pamenepo palibe chimene mungasinthe. Milandu yokhudza AI, imene ikubwera ndithu, ndiyo mungaikonzere njira. Ndikupempha kuti nkhani ya discovery yochepa asanataye dandaulo, ndi ya mauthenga ofufutika okha, muziike pa ndondomeko ya msonkhano wotsatira wa komiti yanu, ndiponso kuti makomiti a m'Nyumba ya Malamulo aitanitse zokambirana za poyera pa nthawi imene milandu ya kuphangira msika ikutenga, pomwe adzaitanidwenso amalonda aang'ono amene anauzidwa kuti apite kwa mkhalapakati aliyense payekha.

Ine wanu mwaulemu,

Wogwiritsa ntchito intaneti, wotsata milandu ya m'makhoti anu